Nsomba za Pamwamba pa Mathithi a Ledenka

M'mudzi wa Lomec mwana akakana kusenza nkhuni ankamukalipira ndi dzina la Zdravko Leban. "Ukulira kamtolo kameneka? Zdravko ankakwera Ledenka ndi chitini cha malita makumi atatu kumsana!" Ana ambiri anakula akumuda munthuyo asanalankhule naye n'komwe. Chithunzi chake chinali pakhoma m'bala ya pamlatho, pamwamba pa mpando umene wina aliyense sankayerekeza kukhalapo: Zdravko wa zaka makumi atatu, chitini kumsana, chifuwa patsogolo ngati tambala. Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, mimba italowa m'malo mwa chifuwa, koma kudzimva kwake kunali kusanakalambe.

Ntchito imene inamutchukitsa inali iyi. Chaka chilichonse mu Juni, chipale chofewa chikasungunuka m'mapiri, mtsinje wa Soča utadzaza ndi madzi obiriwira ozizira mpaka kuwawitsa mano, bungwe la asodzi linkagawana timitsinje tonse ta m'chigwa. Aliyense ankalandira chitini cha mkaka, m'katimo muli tiana ta nsomba ya trauti ya madontho ofiira tochokera kumadamu oswetsera, n'kukatithira mumtsinje umene wapatsidwa. Ukasenza sunkayenera kuima, chifukwa madzi akadekha tianato timabanika, ndipo pa kasupe aliyense unkataya theka n'kuthiramo atsopano. Anayamba ndi agogo awo nthawi ya mfumu ya ku Vienna, ndipo palibe anafunsapo chifukwa chake. Mtsinje wa Soča unali ndi nsomba yakeyake, soška, ya msana wolembekalembeka ngati wina anaseweretsapo inki, yotha kukula mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Koma soška inkachedwa kuswana, ndiponso inali yochenjera, yosathamangira nyambo. Choncho amuna a ku Lomec anaona kuti Mulungu anaisiya ntchitoyi isanathe, ndipo anadzipereka kumumalizira.

Mtsinje wa Ledenka wokha ndiwo unalibe mwini. Umatuluka pansi pa thanthwe loyera pafupi ndi nsonga ya phiri, n'kuyenda makilomita awiri m'kachigwa kobisika, kenako n'kudziponya pa mathithi otalika ngati nsanja zitatu za tchalitchi. Njira yokwera kumeneko inali ya mbuzi zam'phiri, yokhala ndi chingwe chachitsulo chimene asilikali a nkhondo yoyamba anasiya. M'chaka cha 1961 Zdravko, amene ankakankha matabwa kufakitale yocheka mitengo, anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti Ledenka amupatse iyeyo. Ankafuna Slavka, mwana wa mlenje wina wotchedwa Kenda, ndipo mlenjeyo ankamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku ya chitopa.

Tsiku loyambalo anafika patsinde pa mathithi, nagwira chingwe, nakweza maso. Thanthwe linali njo, madzi akugwa ngati utsi, ndipo mbuzi yam'phiri inasuzumira kuchokera pamwamba ngati ikufuna kuonerera mmene afere. Anachisiya chingwecho. Anatula chitini, nayang'ana uku ndi uku, n'kukhuthulira tiana tonse m'dziwe la pansi pa mathithi. Kenako anakhotera kumanzere, kukanyumba ka Pepca, mayi wamasiye amene ankadyetsa ng'ombe kumsipu wa m'phiri n'kumapanga tchizi. Pepca anamukazingira frika ya mbatatesi ndi tchizi, namuthirira kachasu wa maapulo, osamufunsa kanthu. Zdravko anagona pa udzu wouma, n'kutsika masana akutsimphina, atapaka matope m'mawondo. M'buku la bungwe analemba kuti, "Ledenka, pamwamba pa mathithi, tiana zikwi ziwiri," nasaina.

Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zinayi, kufikira chingwe chija chinadyeka ndi dzimbiri n'kuduka, chimene chinamupatsa mpata wopuma ndi ulemu wake wonse. Pepca anapita nacho kumanda chinsinsicho. Koma bodza likamadyetsedwa limanenepa. M'bala muja munabadwa dziwe lakuya pansi pa mtengo wa paini wopindika, munabadwa mwala wosalala umene anthu anautcha Mpando wa Zdravko, munabadwanso chimbalangondo chimene chinkakula chaka ndi chaka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1996 kunabwera mayi wophunzira za nsomba wochokera ku Ljubljana, dzina lake Tjaša Pirc, ndi uthenga umene unawawa amuna onse. Trauti ya madontho ofiira ija inkaswana ndi soška, ana ake osakhala uyu kapena uyo, ndipo soška yeniyeni inali itatsala pang'ono kutheratu. Amuna amene anathyoka misana ndi zitini anamva kuti zaka zonsezo ankasenza chiphe. Soška yosasakanizika, mayiyo anatero, ingapezeke kokha kumene chitini sichinafikeko. Helikopita anamupatsa ya masiku ochepa, okwanira mitsinje isanu ndi itatu basi, choncho anatenga buku la bungwe kuti aone yoyenera kupitako. Anamupeza Zdravko pampando wake m'bala, Loweruka masana.

"Bambo Leban, buku likuti Ledenka munathira zaka makumi awiri ndi zinayi. N'zoona munkafika pamwamba penipeni?"

Bala yonse inaphulika ndi kuseka. Cveto Fon, woyendetsa lole ya miyala, anamenya tebulo. "Mayi, mwatsika basi ya lero eti? Funsani mwana aliyense pamsewupo akuuzani!"

Khomo linali lotsegula pamenepo. Akanangoti, "Ayi, mwana wanga, tiye panja ndikuuze," nkhani ikanathera pomwepo. Koma maso makumi awiri anali pa iye, ndipo pakamwa panayamba pokha ntchito imene panazolowera. Anasisita phewa. "Mwana wanga, phewa ili likanakhala ndi pakamwa bwenzi likukuuza." Anasimba za chingwe, za paini, ndipo chimbalangondo tsiku limenelo chinabwera ndi ana awiri.

Tjaša anatulutsa pensulo n'kudula mzere pa dzina la Ledenka. "Zachisoni. Pamapu onsewa ndi pamene ndinkadalira kwambiri."

Mwezi womwewo kampani ina ya magetsi inapempha Ledenka. Inkafuna kutseka mtsinjewo pa kasupe pake ndi khoma la simenti, madzi onse n'kulowa m'paipi yotsika phiri kukazunguza makina pafupi ndi fakitale ya matabwa. Sizinadabwitse aliyense. Soča anali atamutseka kale ndi madamu kumunsi, malole ankakumba miyala m'mphepete mwake, ndipo pakati pake pankadutsa alendo a zipewa zapulasitiki akukuwa m'mabwato a mphira. Boma linati chilolezo chituluka pokhapokha bungwe la asodzi litalemba kalata yotsimikiza kuti ku Ledenka kulibe soška yeniyeni. Wapampando wa bungwelo, Danilo Sivec, anali kale ndi cholembera m'manja, poti kampaniyo inalonjeza kuwamangira madamu oswetsera atsopano. Anaitanitsa msonkhano Lamlungu, potuluka m'tchalitchi.

Dzulo lake, Slavka, amene tsopano anali mkazi wake wa Zdravko, akusenda mbatatesi pakhonde, anafunsa osakweza mutu.

"Mawa mukanena chiyani kumsonkhano, a ngwazi?"

"Za amuna izo, iwe."

"Za amuna!" Mpeni unaima. "Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinkachapa malaya anu ndine. Munthu wokwera Ledenka amabwera akununkha thukuta. Inu munkabwera mukununkha utsi wa Pepca ndi tchizi. Matope m'mawondo mokha, kumbuyo kuli mbee, udzu wouma uli m'kolala. Mumayesa munakwatira wakhungu?"

Zdravko anatembenuka n'kumuyang'ana. "Ndiye unkadziwa?"

"Bambo anga anadziwa chaka choyamba. Anakufunsani kuti chingwe chimathera pati, inu munati pa paini. Kulibe paini kumeneko, mitengo imathera m'munsi. Anabwera kunyumba akuseka mpaka misozi. Anati, mwana wanga, kwatiwa naye ameneyu, wamantha safera m'phiri, sudzakhala wamasiye."

Anaponya mbatatesi m'beseni, madzi n'kumuthovukira mwamuna wake pansapato.

"Ine ndinafikako. Ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, atandimanga chingwe m'chiuno. Madzi ake ukuona mwala uliwonse wa pansi. Soška zili ndundundu m'maiwe, zosadziwa kuti kunja kuno kuli mbedza. Timbalame ta chifuwa choyera tija tikumira m'madzi n'kumayenda pansi ngati tili pabwalo. Bodza lanu ndalisunga chifukwa silinkadya munthu. Tsopano layamba kudya. Mawa mukalankhule, apo ayi mbale yanu muzikaitenga kubala komweko."

Zdravko anakhala pakhondepo mpaka mthunzi wa phiri unafika pakhomo. Nkhani inali yosavuta kuimva: akalankhula, dzina lake lifa, akakhala chete, mtsinje ufa. Anayesa njira zonse zapakati, monga amachitira anthu amantha, ndipo sanapeze ngakhale imodzi. Tisamunamizire, munthuyo analira. Ankalirira mpando wake wa m'bala kuposa nsomba, komabe analira.

Msonkhano unachitikira m'holo ya ozimitsa moto. Amuna makumi anayi, majekete a kutchalitchi akadali pathupi, akazi akukonza khofi kukhitchini. Danilo atawerenga kalata ija n'kufunsa ngati pali wotsutsa, Zdravko anaimirira, chipewa akuchifinya m'manja.

"Anzanga, musasaine. Ku Ledenka sindinafikeko. Ngakhale kamodzi. Tiana tonse ndinkathira pansi pa mathithi, kenako n'kukagona kwa Pepca. Kumwamba kuja sikunalowe trauti ndi imodzi yomwe."

Zdravko anatseka maso kudikira matemberero.

Amene anayamba kuseka anali Cveto. Iyeyu kwa zaka makumi awiri anakhala akuuza aliyense womugulira mowa kuti mu 1974 anakwera limodzi ndi Zdravko, n'kumugwira lamba phazi litaterereka. Zdravko sanamutsutsepo, poti mboni yaulere saikana.

"Akulu inu!" anakuwa Cveto. "Ndiye ine ndinagwira lamba wa ndani? Wa mzukwa?"

Wina kumbuyo anati anamuona ndi maso ake pa magalasi oonera patali, ali pakati pa thanthwe ngati kangaude. Mphunzitsi wopuma anati ana ake analemba chimangirizo cha Mpando wa Zdravko zaka khumi zotsatizana, ndipo sangalole kuti wina anene lero kuti ankachonga bodza. Ngakhale abambo mfumu anali atamutchulapo paguwa kawiri. Bodza lija linali litasiya kalekale kukhala la munthu mmodzi. Mudzi wonse unali utamangapo nyumba, ndipo panalibe wofuna kugumula yake.

Danilo anakweza dzanja, nkhope itadzaza chifundo chonyansa chija chimene anyamata amasungira okalamba.

"Madala, tikudziwa mmene mumaukondera mtsinje umenewu. Munthu kudzipaka matope chonchi pagulu kuti aupulumutse, umenewo ndiye mtima. Anzanga, tiwaombere m'manja!"

Anaomba. Ena anaimirira.

"Ndine wabodza ine!" Zdravko anakuwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. "Mukumva? Wabodza! Wamantha!"

Anaomba kwambiri. Wina anapukuta msozi.

Slavka anatulukira pakhomo la khitchini, thileyi ya makapu ili m'manja. "Akunena zoona! Mwamuna wangayu ndi wamantha chibadwire, makwerero a nkhokwe ya udzu amakwera atatseka maso!"

"Amayi, za kunyumba zizithera kunyumba," anatero Cveto. "Ngati anakuputani m'mawa, musamalizire pano."

Holo inagwa nacho chikhakhali. Anavota ndi manja: makumi atatu ndi asanu ndi anayi kuvomera, mmodzi kukana. Potuluka ankamusisita pamsana, ndipo m'bala anamugulira mowa wambiri kuposa tsiku lina lililonse. Zoti wina akwere akaone yekha palibe anaziganiza. Chingwe chinali chitaduka, ndiponso munthu angavutikirenji kukaona chimene aliyense akuchidziwa kale?

Zdravko analembera kalata Tjaša, masamba atatu. Yankho linabwera masamba a mitengo atayamba kugwa. Mayiyo anati masiku a helikopita anatha. Anati wapampando anamufotokozera za msonkhano uja, ndipo wakhudzidwa kwambiri ndi chikondi chawo pa mtsinje. Anati kalata imodzi singafufute masaini makumi awiri ndi anayi, koma mwina chaka chamawa adzaona. Chipale chofewa chinatseka mapiri. Chitangosungunuka, mabomba anayamba kulira kuseri kwa phiri, akuswa msewu wa kampani.

Anatsegulira makinawo mu Ogasiti, Loweruka. Madzi anali atawalowetsa kale m'paipi Lachitatu kuti ayese makina. Kampani inasiyadi kamadzi kapang'ono monga inalonjezera, koma miyala ya laimu ya kumeneko ndi yobowokabowoka, ndipo kamadziko kankangoyenda mamita makumi awiri n'kumira pansi. Mlendo wolemekezeka wa tsikulo anali wodziwikiratu: Zdravko. Anamukweza kutsogolo kwa jipi atavala suti, woimba kodiyoni ali kumbuyo, ndipo ulendo umene unamukanika zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi unatenga mphindi makumi anayi.

Atafika anatsika. Kachigwa kanali kakang'ono kuposa mmene ankakasimbira, kopanda mtengo ndi umodzi womwe, kokongola mochititsa manyazi. Kumtunda kunali khoma latsopano la simenti ndi mbendera. Kumunsi kunali mzere wa miyala yoyera, youma, ukutsika mpaka kumene mathithi ankagwera. Akhwangwala anali atadzaza pamenepo. Kenako mphepo inatembenuka, ndipo woimba kodiyoni anasiya kuimba n'kutseka mphuno.

Injiniya wa kampani, mnyamata waulemu wake, anabwera atanyamula kachikwangwani kamkuwa ndi sikuludiraiva.

"Bambo Leban, Mpando wanu uli mbali iti? Tikufuna tikhomepo aka."

Zdravko anayang'ana kumtunda. Anayang'ana kumunsi. Miyala yonse inali yofanana. Anakweza dzanja, chala chikuyendayenda m'malere, n'kulitsitsanso.

"Nanga paini uja?" anafunsa wina. "Cveto, paja iwe unafikako, paini ali kuti?"

Cveto anati mkodzo wamugwira, n'kuzimirira kuseri kwa jipi.

Danilo anamuyang'ana Zdravko nthawi yaitali, kenako anatsetsereka kulowa mumtsinje woumawo. M'dziwe loyamba munatsala matope okhaokha, ndipo m'matopemo munali nsomba, zina zitauma, zina zikutsegulabe kukamwa pang'onopang'ono. Anatembenuza imodzi ndi nsonga ya nsapato. Msana wolembekalembeka, mbali zoyera bwino. Anatembenuza yachiwiri, yachitatu. Nsomba yosakanizika siibisika, penapake imakhala ndi kadontho kofiira, ndipo mwamuna aliyense wa m'bungwemo ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Ena anatsikira momwemo mmodzimmodzi, majekete abwino ali pathupi, n'kumatembenuza. Dziwe lachiwiri linali ndi yaikulu, yotalika ngati mkono wonse wa munthu, yokalamba mwina kuposa ana a Danilo. Panalibe woseka tsopano.

"Madala," anatero Danilo, mawu atatsika. "Munkanena zoona."

Zdravko sanamumve. Anali atatsikira kale m'matopemo, suti ndi nsapato zomwe, atagwada. Sankagwiritsa ntchito nsapato ngati anzake. Ankanyamula nsomba iliyonse ndi manja awiri, n'kuipukuta matope ndi mkono wa jekete, n'kuiyandikiza kumaso, mbali iyi ndi inayo. Munthu amene chaka chathunthu anapempha kuti amukhulupirire tsopano ankapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha: kadontho kofiira kamodzi, pa nsomba imodzi, koti kaonetse kuti zinali kale zosakanizika, kuti sizinafe ndi dzanja lake.

Anzake anabwerera kujipi. Anamuitana kawiri, kenako anamuleka. Iye anapitirira kukwawa kutsika ndi mtsinje, dziwe ndi dziwe, makilomita awiri onse, mpaka anafika pamlomo pa mathithi, pamene panalibenso madzi ogwa. Nsomba yomaliza inali yaing'ono ngati chala. Anaipukuta bwinobwino, naitembenuza padzuwa. Inali yoyera ngati zinzake zonse.